IFE AGANYU A MPIRA WA ENI

Anzanga, ndikudziwa kuti nkhani iyi indidanitsa ndi anthu ambiri pa sukulu pano, makamaka iwo amene timathithikana nao m'chipinda cha kanema Loweruka lililonse madzulo, tikukuwa ngati nyumba yapsa. Komabe ndilemba, pakuti inenso ndine mmodzi wa iwo, ndipo chala chimene ndikulozera anzanga chayamba chandibaya ine ndemwe m'diso. Mau anga ndi awa: ife amene timadzitcha okonda mpira, amene timayenda titavala malaya a Manchester United, Arsenal ndi Chelsea, sitikonda mpira ai. Timakonda kanema. Ndipo ine zimenezi ndidakazizindikira kutali, ku England komweko, pa kabwalo kena kopendekeka kamene ambiri mwa inu simudakamvepo nkamodzi komwe.

Mu July 2023 ndidachita mwai wokacheza kwa achemwali anga amene amagwira ntchito ya unamwino mu mzinda wa Sheffield. Chichokere kuno mtima wanga udali pa chinthu chimodzi: kukaona ndi maso anga Manchester United, timu imene ndidayamba kuikonda ndili ku pulaimale, imene ndidaisalirapo nsima kangapo itagonja. Manchester sikutali ndi Sheffield, ulendo wake pa sitima ndi wa pafupifupi ola limodzi. Koma nditafika ndidamva kuti eni akewo kulibe, apita ku America kukachita masewero opimana mphamvu, monga achitira matimu akuluakulu chaka ndi chaka ligi isanayambe, kukaonetsa nkhope kumene kuli ndalama. Sindikuwanena, malonda ndi malonda. Alamu anga ataona kuti nkhope yanga yagwa adaseka, nati, "Alamu, ngati mukufuna mpira, mpira ulipo konkuno, lero lomwe. Koma ngati mudabwerera kudzajambulitsa pa chipata, ndiye tidikire eni ake abwere." Mau amenewo adandiwawa, koma ndidavala jekete ndi kuwatsata.

Tidakwera basi yopita kumtunda, ku dera lotchedwa Crosspool, kumadzulo kwa mzindawo. Titatsika ine ndidayang'ana uku ndi uku kufunafuna sitediyamu, koma ndidangoona nyumba za anthu ndi khoma lamiyala. Kuseri kwa khomalo ndiko kudali bwalo la Sandygate, kwao kwa timu yotchedwa Hallam. Pa khomo padali nkhalamba ina yolandira ndalama, ndipo zimene tidalipira zidali zochepa, zosaposa mtengo wa chakudya cha masana m'tauni. M'kati mudali kansanja kamodzi ka mipando, ndipo mbali ina yonse ya bwalo idali yosatseka, chifukwa kumeneko udzu umapitirira kukalowa m'bwalo la kiriketi. Chimene chidandiseketsa ndi chakuti bwalolo ndi lopendekeka moonekeratu: timu imodzi imasewera chokwera, inzake chotsika, kufikira atasinthana pa nthawi yopuma. Mumtima ndidati, kodi ndayenda ulendo wonsewu kudzaona bwalo longa la kuseri kwa pulaimale ya kwathu?

Pamenepo ndi pamene alamu adandiuza kumene ndidaima. Bwalo lopendekekalo ndilo bwalo la mpira lakale kuposa onse pa dziko lapansi amene akugwirabe ntchito, ndipo buku la Guinness lidavomereza zimenezo. Timu ya Hallam idayamba mu 1860, ndipo pa 26 December chaka chomwecho idasewera pa malo omwewo ndi Sheffield FC, timu imene idayamba mu 1857, yakale kuposa matimu onse. Taganizani, David Livingstone adali atangofika pa nyanja yathu mu 1859, ndipo dzina lakuti Nyasaland lidali lisanalembedwe pa mapu a boma lililonse, koma anthu adali atayamba kale kuthamangitsa chikopa pa mtunda umenewu. Mu 1867 Hallam idatenga chikho cha Youdan, mpikisano wa mpira umene udatsogolera ngakhale chikho cha FA. Ndipo timu ya mbiri yotereyi, chaka chimene ndidaionacho, inkasewera mu ligi ya sitepe ya 9 kuwerenga kuchokera pamwamba.

Ndifotokoze pang'ono za masitepe amenewa, pakuti kanema sadatiphunzitse. Ife timadziwa matimu 20 a mu Premier League, ndipo timayesa kuti England yathera pomwepo. Pansi pao pali maligi atatu a matimu 72, kotero kuti onse pamodzi ndi 92. Pansi pa amenewanso pali maligi ena ambirimbiri a m'zigawo ndi m'maboma, amene Angelezi amawatcha non-league, ndipo onsewa ndi olumikizana ngati makwerero: wopambana amakwera, wolephera amatsika. M'munsimo osewera ambiri sadyera mpira. Usana ndi amisiri, aphunzitsi, oyendetsa magalimoto. Madzulo amavala nsapato za mpira. Kunena mwachidule, mpira wa pa kanema uja ndi denga chabe, nyumba yeniyeni ndi iyi.

Masewero adayamba itapitirira 7 koloko madzulo, dzuwa likadali m'mwamba monga lichitira kumeneko m'mwezi wa July. Zigoli sindikuuzani, pakuti m'masewero opimana mphamvu zigoli ndi nkhani yachabe. Aphunzitsi amakhala akuyesa anyamata, kulowetsa uyu ndi kutulutsa uyo, ndipo ena mwa anyamatawo ngakhale maina ao salembedwa pa pepala, amangowalemba kuti Trialist, ndiye kuti wodzayesedwa. Mmodzi wa otereo adathamanga usiku umenewo ngati walondoledwa ndi njuchi, chifukwa adadziwa kuti mphindi zochepazo ndizo zimutsegulire kapena kumutsekera khomo. Ine ndidaima pafupi kwambiri ndi mzere, mwakuti ndinkamva kupuma kwake, ndinkamva goloboyi akukalipira otchinga kumbuyo, ndinkamva ngakhale kulira kwa mafupa anyamata akagundana. Mpira utauluka kupitirira khoma, mnyamata wina adathamanga kukautola ku mseu, anthu nkumuombera m'manja. Mai wina ankagulitsa tiyi pa kazenera, bambo wina ankayenda ndi ndowa kugulitsa matikiti a mwai kuti timu ipeze kangachepe. Padali ana, padali agalu pa zingwe, padali nkhalamba zoyendera ndodo. Anthu mazana angapo adasiya zochita zao kudzaonera masewero opanda chikho, opanda mapointi, opanda kamera.

Pa nthawi yopuma nkhalamba ya pa khomo ija idabwera kudzaima pafupi nafe ndi kapu yake ya tiyi. Itamva kuti ndine mlendo wochokera ku Malawi idakondwa, ndipo idandifunsa kuti, "Nanga iwe mnyamata, timu yako ndi iti?" Ine mwamatama ndidati, "Manchester United, agogo." Iwo adandiyang'ana pang'ono, nati, "Ai, sindikufunsa ya pa kanema. Ndikufunsa ya kwanu, imene umapita kukaionera." Abale, m'kamwa mudandiuma gwa. Ndikadatha kuwatchulira osewera onse a United, a pa benchi omwe, ndi malipiro ao a pa sabata. Koma kwathu ku Ntcheu kuli timu imene imasewera kuseri kwa pulaimale, ndipo msuweni wanga weniweni ndiye goloboyi wake, ndipo ine ndidali ndisanaimepo pa mzere kumuonera ngakhale tsiku limodzi. Nthawi zonse akamasewera ine ndimakhala ndili m'chisakasa cha vidiyo pa msika, nditalipira ndalama kuti ndikuwire anthu amene sadziwa kuti dziko lotchedwa Malawi lili mbali iti.

Pa mabwalo athu pali mau akuti aganyu, kunena anthu amene amachemerera timu yosakhala yao. Tsono ndikufunsa: ife ndife yani ngati si aganyu? Kusiyana kwake nkwakuti waganyu weniweni amalandira malipiro, pamene ife ganyu yathu timachita kulipira tokha. Timati "tagula wosewera watsopano", "tawakwapula", "chaka chino chikho nchathu". Tagula ndi ndalama ziti? Chikhocho chikabwera tidzachiika pa shelefu ya yani? Ndaonapo anyamata awiri a m'kalasi imodzi akusiya kulankhulana sabata yathunthu chifukwa cha penate imene woimbira adapereka ku London. Kodi kumeneku si kulira maliro a eni, a kwanu ali m'nyumba?

Koma chimene chidandipsetsa mtima koposa ndidachimva pobwerera, m'basi. Alamu adandiuza kuti ku England kuli lamulo la mpira lakuti Loweruka, kuyambira 2:45 kufikira 5:15 masana, masewero saonetsedwa pa kanema nthawi yomwe akuchitika. Lamuloli lidayamba m'zaka za m'ma 1960, ndipo amene adalilimbikitsa kwambiri ndi Bob Lord, wapampando wa timu ya Burnley. Adangoliimitsa kwa kanthawi pa mliri wa Covid-19, pamene anthu sankaloledwa kulowa m'mabwalo. Cholinga chake nchakuti anthu asakhale pa mpando kunyumba kuonera matimu akuluakulu, koma atuluke akadzaze mabwalo ang'onoang'ono onga Sandygate. Mwamva kodi? Mngelezi wa ku Sheffield sangaonere pa kanema masewero a Premier League a 3 koloko Loweruka, koma ine wa ku Ntcheu ndimaonera onse, pa 4 koloko kapena 5 koloko ya kuno, nthawi imene msuweni wanga ali pa golo. Eni ake adamanga mpanda kuteteza munda wao, mbuzi nkuzitsegulira kwa ife, ndipo ife tikuombera m'manja mbuzizo zikudya m'mera wathu.

Wina anena kuti, nanga tizionera chiyani poti mpira wa kwathu ndi wosakoma? Ndikuvomera kuti pa fumbi mpira sugubuduka ngati pa kapeti. Koma kodi odziwa mpira amagwa kumwamba ngati mvula? Pafupi ndi Sheffield pomwepo pali tauni ya Stocksbridge, kumene Jamie Vardy ankasewera mu non-league atatayidwa ndi Sheffield Wednesday ali ndi zaka 16. Usana ankagwira ntchito m'fakitale, ndipo mpira unkamupatsa mapaundi 30 pa sabata. Adapita ku Halifax, kenaka ku Fleetwood, ndipo mu 2012 Leicester City idamugula ndi mapaundi 1 miliyoni. Mu 2016 adatenga chikho cha Premier League atamwetsa zigoli 24, ife kuno tikung'amba kukhosi ndi dzina lake. Pakadapanda anthu osunga kabwalo ka Stocksbridge, odula udzu ndi olipira pa khomo, Vardy akadathera m'fakitale.

Nanga kuno? Kinnah Phiri, amene adamwetsera Flames zigoli 71, sadaphukire pa kapeti. Anyamata amene adatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978, 1979 ndi 1988 adakulira pa mabwalo a sukulu ndi a m'makomboni, akumenya chikulunga opanda nsapato. Tabitha ndi Temwa Chawinga adayambira pa fumbi la ku Rumphi. Tabitha adamwetsa zigoli zambiri kuposa onse mu ligi ya amai ya ku Italy mu 2023, ndipo Temwa mu 2024 adamwetsa 20 ku America nasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligiyo. Lero tonse timati "ana athu", koma pamene ankathamanga pa fumbi ndani mwa ife adaima pa mzere? Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Ife tikufuna kukolola kumene sitidapalire, ndipo Flames ikagonja ndife oyamba kutukwana.

Wina anenanso kuti Angelezi ndi olemera, ife ndife amphawi, tilibe ndalama zolowera pa bwalo. Bodza limenelo tisanamizane. Ndalama yolowera m'chisakasa cha vidiyo timaipeza. Ndalama yogulira malaya a Arsenal pa kaunjika timaipeza. Ndalama yobetchera pa foni, imene yadya alawansi ya anzathu ambiri pa sukulu pano, timaipeza ndithu, ngakhale ya katapila. Ndiponso zimene ndidaona pa Sandygate sizidali za ndalama zambiri. Nkhalamba ya pa khomo ija idandiuza kuti silandira kanthu, imangodzipereka, chimodzimodzi ogulitsa tiyi ndi ojambula mizere. Chuma cha kabwaloko ndi miyendo ya anthu amene amabwera sabata ndi sabata. Kodi miyendo nafenso tilibe?

Pali chodandaula china chimene sindingachikane: mabwalo athu ali ndi matenda ao. Pali ndeu, pali kugenda oimbira, pali nkhani za ndalama za pa khomo zimene zimasowa pakati pa chipata ndi ofesi, pali kukangana za mankhwala pa golo, ndiponso pali zikho za andale zimene zimamera nthawi ya kampeni ndi kufota mavoti akangowerengedwa. Zonsezi nzoona. Koma ndikufunsa, adasiyira mabwalo anthu otere ndani? Munthu wodziwa kuwerengera ndalama, wodziwa kulemba malamulo a kalabu, wodziwa kufunsa kuti lisiti lili kuti, ndi iwe ndi ine amene tikuphunzira pano, ndipo ife tidathawira ku kanema. Nyumba ikasiyidwa imalowa mileme, ndipo wothawayo alibe mphamvu yodandaula za fungo.

Musandimve ngati ndikuti ku England zonse nzokoma. Denga lao lija nalonso lili ndi chiswe. Mu 2019 timu ya Bury, imene idatengapo chikho cha FA kawiri, mu 1900 ndi 1903, idachotsedwa mu ligi chifukwa cha mavuto a ndalama, ili pa mtunda waufupi chabe kuchokera ku matimu awiri olemera a ku Manchester. Mu April 2021 matimu 12 a ku England, Spain ndi Italy, kuphatikizapo asanu ndi limodzi amene timawapembedza kuno, adalengeza European Super League, ligi imene eni ake sakadatsikamo ngakhale atagonja chotani. Adafuna kukwera pa denga ndi kuchotsa makwerero. Chidawaletsa nchiyani? Anthu a kumeneko adatuluka m'miseu, adakaima pa zipata za mabwalo, ndipo pasanathe masiku atatu matimu a ku England onse adabwerera m'mbuyo. Ngakhale kale, mu 2005, banja la Glazer litagula Manchester United, masapota ena adachoka nakayambitsa timu yaoyao, FC United of Manchester, imene membala aliyense ali ndi voti imodzi, ndipo mu 2015 adatsegula bwalo lao, Broadhurst Park. Amenewo ndiwo eni mpira, pakuti ali ndi poima ndi ponena. Nanga ife aganyu, tsiku limene adzatikwezera mtengo kapena kutizimitsira kanema, tidzakaima pa chipata cha yani?

Chimene chimandichititsa manyazi nchakuti palibe chachilendo chimene ndidaona pa Sandygate. Zonse ndidaziona kale ndili mwana, pa mpira wa Khirisimasi wa midzi iwiri, pamene magolo adali a nsungwi, woimbira adali mphunzitsi wa Sitandade 7, ndipo chigoli chikalowa amai ankathamangira m'bwalo ndi nthungululu, zitenje zikuuluka. Ndidachita kukwera ndege, kudutsa nyanja ndi zipululu, kuti nkhalamba ya Chingelezi ikandikumbutse zimene ndidazisiya kuseri kwa nyumba ya amai anga. Tidatengera Angelezi chipewa, mutu tidausiya komweko. Paja amati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo.

Sindikuti tiphwanye makanema. Inenso ndikanama ndikati mtima wanga sudumphanso United ikagoletsa. Ndikungoti tisinthe kuyamba ndi kutsiriza: bwalo likhale nsima, kanema akhale chakumwa chotsitsira. Ligi ili yonse isanayambe matimu a m'madera mwathu amachita masewero opimana mphamvu, ndipo nthawi zambiri oonera amakhala ana ndi mbuzi. Pitani kumeneko. Ngati pali mbale ikuyenda, ponyanimo ndalama imene mukadabetchera. Phunzirani maina a osewera atatu. Funsani amene amasunga thumba kuti mumuthandize kulemba. Ngati mizere yafufutika, thumba la laimu silidula kuposa malaya a pa kaunjika.

Ndipo kwa inu anzanga alembi ndili ndi funso lapadera. Takhala tikuwerengerana ndakatulo za chikondi, za imfa ndi za mizinda imene sitidapiteko. Ili kuti nthano ya goloboyi wa kumudzi amene amagwira mpira ndi manja osavala kanthu, m'mawa mwake nkukagwira khasu? Lili kuti sewero la komiti ya timu imene ikukangana za matola a galimoto yopita ku masewero? Ngati ife sitilemba, adzalemba ndani? Angelezi adasunga tsiku la 26 December 1860 chifukwa wina adatenga cholembera. Zathu zikupita ndi mphepo pamodzi ndi fumbi la pa bwalo.

Nditabwerera kumudzi ndidapita kuseri kwa pulaimale Loweruka lina masana. Msuweni wanga atandiona pa mzere adadabwa, nandifunsa ngati magetsi azima pa msika. Ndidamuuza kuti ai, ndabwera kudzaonera timu yanga. Adaseka osakhulupirira, ndipo sindimuimba mlandu. Adzakhulupirira akadzandionanso chaka chino ndi chaka cha mawa. Amene akufuna kunditsutsa abwere nazo pa msonkhano wathu, ndili wokonzeka; koma asanatsegule pakamwa ayambe wandiyankha funso la agogo a ku Crosspool aja: timu yako ndi iti, ya kwanu, imene umapita kukaionera?